AC mu Peugeot 504 ya 1978: yankho kwa bambo a ku Nchalo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Nchalo. Anasiyiridwa Peugeot 504 ya 1978 ndi malemu bambo awo, akonza bodi, apenta, injini ikulira bwino. Chawavuta ndi kutentha. Akulemba kuti: "Mu Okutobala timatsitsa mawindo onse koma mphepo yolowa imakhala yamoto. Ndaona pa intaneti ma AC ogulitsa a magalimoto akale. Ndigule, kapena ndingowononga galimoto ya bambo?"

Achimwene, n'zotheka, ndipo galimoto siwonongeka ngati ntchito igwiridwa mwadongosolo. Koma chikwama chanu chiyambe chakhala m'thumba. Ntchito imeneyi imayambira pa redieta, kabokosi kozizira ka AC kamabwera pomaliza.

AC imatola kutentha kwa m'kati mwa galimoto n'kukakutaya panja, ndipo potayira pake ndi pa condenser, yomwe imamangidwa kutsogolo kwenikweni kwa redieta. Ndiye kuti mphepo yomwe imafika pa redieta imakhala itatenthedwa kale. Onjezanipo kompresa, pampu yokankha gasi wa AC, yomwe imalanda injini mahatchi angapo pa mahatchi osakwana 100 omwe injini ya malita awiri ya 504 ili nawo. Injini imeneyi ndi yolimba, n'chifukwa chake galimotoyi inkamangidwabe ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000 pomwe ku Europe anali ataisiya kalekale. Koma mutu wake ndi wa aluminiyamu, ndipo masilinda ake ndi ma liner okhala m'madzi. Ikawira bwinobwino, gasiketi imapsa, mutu umapindika, madzi n'kuyamba kusakanikirana ndi oyilo.

Choncho yesani kaye galimoto momwe ilili. Kwezani anthu anayi, nyamukani masana dzuwa lili paliwombo, kwerani chitunda cha Thabwa kulowera ku Blantyre, maso ali pa geji. Singano ikasuntha kwambiri kupitirira pakati pomwe AC kulibe, ndiye ndi AC mudzaima panjira bonet ili m'mwamba. Redieta ipite kwa oitsuka, kapena aiike core (pakati pake pa timapaipi) yatsopano yochindikala. Onani pampu ya madzi, chivindikiro cha redieta ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku redieta injini ikatentha. Amakanika ambiri kwathu kuno amachotsa thermostat n'kutaya, eti kuti injini izizizira. Ibwezereni. Onaninso fani: ma 504 ambiri anabwera ndi fani yogwira ndi maginito, yomwe imakoka mphepo pokhapokha madzi akatentha, ndipo pa magalimoto ochuluka swichi yake inafa kale kapena wina anangoimanga ndi mabawuti. Ngakhale itakhala yamoyo, mufunikabe fani yamagetsi kutsogolo kwa condenser, chifukwa mukaima pa rodibuloko fani ya injini yokha siikwanitsa.

Fani yamagetsiyo, blower (fani youzira mphepo yozizira) ya m'kati ndi klatchi ya kompresa zikagwira pamodzi zimatha kudya ma amp 25 kapena 30, zomwe alternator (yotchaja batire) yaing'ono ya zaka za m'ma 1970 siingapereke usiku nyali zili zoyaka. Ikani ya ma amp 70 kapena kuposa, ndipo fani ndi blower zikhale ndi relay ndi fyuzi zawozawo, mawaya atsopano ochokera ku batire.

Tsopano za kugula. Zomwe mwaona pa intaneti mwina ndi za makampani a ku America monga Vintage Air a ku Texas. Zinthu zawo ndi zabwino, koma zomwe amapanga zongolowa ndendende ndi za ma Chevrolet ndi ma Ford akale a chiwongolero chakumanzere. Inu mufuna kabokosi wamba kopachika pansi pa dashibodi, kokhala ndi evaporator (yoziziritsa mphepo), blower ndi expansion valve (yolowetsa gasi mu evaporator pang'onopang'ono) m'kati mwake. Ineyo ndimakakonda ka mtundu umenewu pa galimoto ngati yanu, chifukwa ma AC oikidwa pambuyo a nthawi imeneyo ankaoneka choncho, ndipo dashibodi simuidula. Mumangoboola timabowo ta mapaipi awiri ndi ka paipi kotayira madzi. Yezani kaye malo ndi katoni yopanda kanthu, muone ngati mawondo a amayi akukwana komanso ngati giya ikulowa yonse.

Pa kompresa m'pamene anthu amaluzira ndalama. Mukapita ku Ndirande akupatsani ya Denso yochotsa pa Toyota, yotchipa ndithu. Yang'anani zinthu ziwiri. Pule yake nthawi zambiri imakhala ya lamba wathyathyathya wa timizere, pomwe 504 imayendera lamba wa V. Chachiwiri, makompresa ambiri a magalimoto atsopano amalamulidwa ndi kompyuta ya galimoto, ndipo mukawapatsa moto wa batire chabe sapopa bwino. Funani yokhala ndi klatchi wamba ya waya umodzi. Sanden SD5H14, yomwe ambiri amaitchula kuti 508, ndi yomwe anthu a magalimoto akale amaidalira, ndipo imapezeka ndi pule ya V. Wina akakuonetsani chimphona cha York chooneka ngati bokosi, mukanepo. N'cholemera ndipo chimagwedeza injini.

Ntchito yovuta kuposa zonse ndi bulaketi yogwira kompresayo. Injini ya 504 inagonekedwa chopendekera, malo ndi ochepa, ndipo bulaketi yogula simudzaipeza wamba. Afunika munthu wodziwa kuwotcherera, osati wa mageti ndi ma burglar bar. Chitsulo chikhale chochindikala, mamilimita 6 kapena 8, chimangidwe pa injini penipeni m'malo atatu, osati pa bodi, popeza injini imavina pa ma mounting ake pomwe bodi ili chilili. Pule ya pansi pa injini ifunika mphako yachiwiri ya lamba wa kompresa, ntchito ya pa lathe. Akamaliza, tengani rula yachitsulo muigoneke pa mapule onse awiri. Ikakhudza mbali zonse popanda mpata, zili bwino. Pakakhala mpata ngakhale wa mamilimita awiri, lamba azilira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga, ndipo azidyeka mbali imodzi mpaka kuduka.

Gasi wa nthawi ya galimoto yanu anali R12, yemwe analetsedwa kudzera mu pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa chowononga mpweya wa ozone. Inu muika R134a, ndi oyilo wake wa PAG, mapaipi atsopano opangidwira gasi ameneyu, ndi condenser ya aluminiyamu ya parallel flow, yaikulu momwe malo angalolere. Drier, botolo loyamwa chinyezi mu gasi, musagule yakale ngakhale itaoneka yonyezimira, imakhala itamwa kale chinyezi. Woika gasi ayambe wakoka vacuum (kutulutsa mpweya wonse m'mapaipi) kwa theka la ola kapena kuposa, aone ngati singano ikubwerera, chizindikiro choti penapake pakudontha, kenako aike gasi poyeza pa sikelo. Amene amangotsegula silinda n'kumagwira paipi ndi dzanja kuti "yakwana, bwana" mumuthokoze n'kupita kwina. Gasi wophikira musamulole, amayaka, ndipo evaporator ili pa miyendo panu. R22 wa ma AC a m'nyumba ali ndi mphamvu yoposa yomwe AC ya galimoto inapangidwira. Pakhalenso pressure switch ya trinary, yomwe imadula kompresa mphamvu ya gasi ikakwera kapena kutsika kwambiri, n'kuyatsanso fani yokha.

Kompresa ikagwira galimoto itaima, kabureta sadziwa kanthu, injini imatsika n'kufuna kuzima. Kasolenoidi kokankha throttle pang'ono AC ikayaka kamathetsa zimenezi.

Chotsani mipando ndi kapeti, ndipo zisanabwerere, matani zotchinga kutentha pansi ponse, pamwamba pa ekizozi, kuseri kwa injini ndi kudenga, n'kusintha malabala a zitseko ndi a mawindo. Ngati ndalama sizikukwana zonse chaka chino, chitani zimenezi pamodzi ndi redieta ndi alternator, kompresa idikire. Zitsulo zakale zomwe muchotse muzisunge m'katoni, ndipo mukakwera Thabwa mundilembere pomwe singano inafika.