Duwa la lilime la ndevu, yankho kwa achemwali aku Indiana

Achemwali ena omwe amakhala ku South Bend ku Indiana, ku America, andilembera imelo sabata yathayi, ndi zithunzi ziwiri zojambula pafoni. Akuti pali maluwa oyera omera okha m'mbali mwa kanjira kamene amayendamo madzulo akaweruka, June yense anangoti mbuu, ndiye akufunsa dzina lake komanso ngati angakazule duwa limodzi nkudzabzala kuseri kwa nyumba.

Achemwali, chithunzi chachiwiricho chachita mdima koma choyambacho chandikwanira. Limenelo ndi Penstemon, azungu kuno amati beardtongue, kunena kuti lilime la ndevu. Ndipo dzinalo sanangopeka ayi. Mukalipezanso duwalo lili pa mtengo wake, litsegulen pang'ono ndi chala musuzumire mkati, muona timiyendo tinayi tokhala ndi ufa kunsonga, kenako kachisanu kopanda ufa kogona pansi ngati lilime, kali ndi tiubweya. Mukakaona kameneko basi nkhani yatha, ndi Penstemon. Ine nditaliona koyamba ndinkangoti ndi chitowe chakuno, maluwa ake ngofanana zedi ndi a chitowe cha kumudzi chija, kamphako kokhala ndi milomo iwiri, wam'mwamba wogawika pawiri wam'munsi patatu.

Vuto nlakuti mitundu yake ilipo yoposa 250, yonse ya ku North America, ndiye kudziwa kuti ndi Penstemon ndi chiyambi chabe. Mwayi wake ngwakuti yambiri ili kumadzulo kumapiri ouma uko, kwanuko ndi yowerengeka. Lanulo ine ndikuti ndi Penstemon digitalis chifukwa maluwa ngoyera okhala ndi timizere tapepo mkati, tsinde nlosalala, masamba akhala awiriawiri moyang'anizana ngati akukumbatira tsinde, ndipo mwati limakufikani m'chiuno, eya limatalika mita imodzi kapena kuposa pang'ono. Likanakhala lalifupi, tsinde lonse laubweya, maluwa apepo okhala ngati atseka pakamwa, ndikanati hirsutus. Palinso lina calycosus lomwe limasokoneza anthu ambiri, maluwa ake amapendekera ku pinki. Musalisokonezenso ndi foxglove wa ku Ulaya amene amagulitsa m'masitolo a maluwa, ameneyo ndi poizoni ndipo masamba ake samakhala awiriawiri.

Tsopano zokazula zija, chonde musatero. Ngati kanjirako kali mu paki nzoletsedwa, ngati ndi malo a munthu ndiye mukudziwa kale mmene anthu akuno amachitira ndi malo awo. Komanso palibe chifukwa chovutikira ndi khasu, duwali njere zake zimamera mosavuta kwambiri. Dikirani September kapena October tizipatso take titauma nkusanduka tabulawuni, mupemphe eni malo, muthyole nthambi imodzi yokha muike mu envulopu. Tizipatsoto ntolimba, ine ndimachita kuphwanya ndi botolo patebulo, ndipo ndikuchenjezeni tili ndi kafungo koipa, musasiye m'chipinda chogona. Ngati zonsezi zakukulirani, malo ogulitsa mbewu zachilengedwe zakonko amakhala nazo, zotchipa.

Apa ndi pomwe ife obadwira kotentha timalakwitsa. Tinazolowera kuti mbewu umasunga pouma, mvula ikagwa nkubzala. Izi ayi, zimafuna zizizidwe kaye zili pachinyezi masiku ngati 30 ndiye zimadzuka. Chaka changa choyamba ndinazisunga bwinobwino mu kabati nkufesa mu May, sizinamere olo imodzi, ndinkangoti anandigulitsa zakufa. Njira yaulesi, yomwenso ndimaikonda, ndi kufesa mu November kapena December mu poto nkumusiya panja sinowo azimugwera mpaka dzinja lakuno lithe. Mukachedwa, sakanizani njerezo ndi mchenga wonyowa mu kapepala ka pulasitiki muike mu fuliji mwezi wathunthu. Musakwirire, ndi tating'ono kwambiri, kungowaza pamwamba nkupsinja ndi chikhatho basi.

Chaka choyamba musayembekeze duwa, limangopanga masamba ogona pansi, nthawi yozizira amafiira koma sanafe amenewo, musazule. Chaka chachiwiri ndiye limatulutsa tsinde. Dothi silisankha kwenikweni, ngakhale lamakande limapirira, kusiyana ndi abale ake akumadzulo omwe amaola mizu madzi akangoima. Dzuwa lokwanira kapena kamthunzi pang'ono, feteleza musathire, mukalinenepetsa limangogwa. Agwape nthawi zambiri amalidutsa. Njuchi zikuluzikulu zaubweya zija zimalowa mutu wonse mu duwamo matako okha kunja, ana anu akasekerera.

Mwafunsanso za lina la masamba ofiira lomwe munaona musitolo lolembedwa Husker Red. Ndi digitalis yemweyo, anachita kumusankha a Dale Lindgren ku yunivesite ya Nebraska, ndipo mu 1996 duwali linapata ulemu wa Perennial Plant of the Year. Ngokongola ndithu, kungoti njere zake sizibereka ana ofiira onse, ena amabwerera kobiriwira. Ine ndikanayamba ndi lakutchirelo. Mukapitanso kukanjira kuja mujambule tsinde pafupi, kuwala kulipo, munditumizire nditsimikize kuti si calycosus.