Ana atola kamba panjira: ndi wamtundu wanji, nanga asamalidwe bwanji?

Mayi wina wa ku Matawale wanditumizira imelo. Akuti ana ake pochokera kusukulu anatola kamba m'mbali mwa kanjira kodutsa m'minda, mvula itangokata. Kambayo ndi wotalika pafupifupi masentimita 15, chigoba chake n'chachikasu chokhala ndi mizere yakuda, ndipo chakumbuyo kwake chikuoneka ngati chinang'aluka. Amuika m'beseni, amupatsa nsima ndi kabichi, koma sakudya. Akufunsa kuti ndi wamtundu wanji, ngati wavulala, chomwe angadye, komanso ngati n'kotheka kumusunga kuti ana aziweta.

Zikomo mayi pofunsa musanachite china chilichonse. Ndiyambe ndi yankho lomwe anawo sakondwera nalo: ngati kambayo ali bwinobwino, abwerere komwe anatoledwa, mawa kapena mkuja. Zonse zomwe ndilembe pansipa n'zongomusungira masiku ochepawo.

Choyamba tsimikizani kuti ndi wa kumtunda. Nthawi ya dzinja nkhasi, zomwe kwawo ndi m'madzi, zimatuluka m'zithaphwi ndi m'madambo n'kumayenda pamtunda, ndipo kuno ku Zomba, komwe Likangala ndi Domasi amatsikira ku nyanja ya Chilwa, kukumana nazo sikovuta. Yang'anani mapazi. Nkhasi zala zake n'zolumikizana ndi kachikopa kosambirira, chigoba chake n'chophwatalala, chakuda kapena chotuwa, ndipo pobisa mutu imapinda khosi cham'mbali. Mukainyamula imatulutsa fungo lokanirira m'manja. Kamba wa kumtunda miyendo yake yakumbuyo ndi yonenepa yobulungira, zala sizioneka koma zikhadabo zokha, ndipo mutu amaubweza molunjika. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa alipo anthu omwe, pofuna kuchita chifundo, amaponya kamba wa kumtunda m'dziwe, iye n'kumira.

Pa akamba a kumtunda omwe tili nawo m'Malawi muno, alipo wamawangamawanga yemwe asayansi amamutcha Stigmochelys pardalis. Ameneyo amakula kwambiri, mpaka kupitirira masentimita 40, chigoba chake n'chotumphuka, amadya udzu makamaka, ndipo amakonda malo otentha a tchire monga m'chigwa cha Shire. Koma momwe mwafotokozeramu, wanuyo ndikumuganizira kuti ndi wa gulu lina lotchedwa Kinixys, ndipo chondiganizitsa choncho ndi mng'alu womwe wakudetsani nkhawawo.

Akamba a gulu limeneli sakula kwenikweni, ambiri amathera cha m'masentimita 20. Akafika msinkhu, chigoba chapamwamba chimakhala ndi polumikizira pofewa chakumbuyo, pamwamba pa miyendo, moti akaopsedwa mbali yakumbuyoyo imatsika n'kutsekera miyendo ndi mchira ngati chitseko. Munthu wosadziwa akaona mzerewo amangoti wapondedwa ndi galimoto. Uyang'anitsitseni. Ukakhala wofanana kumanzere ndi kumanja, wouma, wopanda magazi kapena fungo, ndi chibadwa chake. Aang'ono kwambiri mzerewu sakhala nawo, umabwera akamakula. M'dziko muno gululi lili ndi mtundu wa chigoba chophwatalala pang'ono, Kinixys spekii, ndi wa chigoba chotumphukirako, wa mizere yotuluka pakati pa chigamba chilichonse, Kinixys zombensis. Wachiwiriyu anamulemba koyamba mu 1931 ndi John Hewitt, katswiri wa ku Grahamstown ku South Africa, poona kamba wochokera ku Zomba konkuno. Zimandikhudza ndikaganiza kuti nyama yodziwika m'mabuku a dziko lonse ndi dzina la mzinda wathu ikutha mwakachetechete chifukwa cha makasu, agalu ndi moto wa osaka mbewa.

Kuvulala kwenikweni kumaoneka mosiyana. Mng'alu wake umakhala wokhotakhota, wa mbali imodzi, nthawi zina wotuluka magazi. Mano a galu amasiya m'mphepete mwa chigoba mokukutika. Onaninso ngati maso atupa, ngati m'mphuno mukutuluka thovu, kapena ngati mwendo wina ukungokokedwa. Chigoba si chipewa chongovala ayi: ndi fupa lamoyo lolumikizana ndi nthiti ndi msana, ndipo chimamva kuwawa. Choncho osamata bala ndi guluu, phula kapena simenti, osathirapo mafuta a galimoto. Tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, phimbani ndi kansalu koyera kuti ntchentche zisaikirepo mazira, popeza mphutsi zimapha msanga kuposa balalo, kenaka funani thandizo. A Lilongwe Wildlife Trust amasamalira nyama zakutchire zovulala, ndipo a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kapena a bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, lomwe lili ndi nthambi kuno ku Zomba, angakulozereni kopita.

Tsono za masiku awiriwo. M'beseni mumuchotsemo lero lomwe. Pulasitiki kapena chitsulo chikakhala padzuwa chimatentha msanga, ndipo kamba alibe njira yodziziziritsira kupatula kuthawira pamthunzi. Katoni yaikulu ndi yokwanira: pansi muikepo dothi ndi masamba ouma oti azibisalamo, muiike pamalo a phee, pomwe galu, makoswe ndi linthumbu sizingafike. Usiku alowe m'nyumba, poti mphepo yotsika m'phirimu imazizira ngakhale m'dzinja. M'mawa mungamutulutse aothere dzuwa pa udzu, wina akumuyang'anira, mthunzi uli pafupi. Musanyozere kuyenda kwake. Mukangotembenuka kukapakula phala mupeza wapita.

Madzi ndiwo ofunika kuposa chakudya. Akuluakulu anati kamba amanyera yemwe wamtola, ndipo anaona zoona. Kamba amasunga madzi m'chikhodzodzo, ndipo akachita mantha amawataya onse. Ngati anawo ananyowa m'manja pomunyamula, ndiye kuti wataya nkhokwe yake. Muikeni m'mbale yafulati ya madzi ofunda pang'ono, osapitirira pachibwano pake, kwa mphindi 15 mpaka 20 kamodzi patsiku. Mudzamuona akumiza kamwa n'kumamwa.

Kusadyako kusakudabwitseni, nyama yamantha imatha masiku osalawa kanthu popanda vuto. Nsima, buledi, mpunga, mkaka ndi chilichonse chothira mchere kapena mafuta, ayi. Mupatseni za kutchire ndi za m'munda zomwe amazidziwa: chisoso, luni, bonongwe, nkhwani, kholowa, udzu wanthete, zochokera pomwe sipanapoperedwe mankhwala. Ndiwo zamasamba zogula kumsika muzitsuke kwambiri. Akakhala wa gulu la Kinixys amadyanso bowa, zipatso zakugwa, nkhono, nyongolotsi ngakhale bongololo yemwe nyama zambiri zimamukana. N'chifukwa chake kamba wotere m'dimba ndi bwenzi la mlimi.

Anawo asambe m'manja ndi sopo nthawi iliyonse akamugwira. Akamba, monga zokwawa zina, amatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella iwo osadwala, koma mwana n'kutsegula m'mimba koopsa. Asalowe kukhitchini, ndipo mbale yake isabwererenso pa mbale za anthu. Khanda lisamukhudze n'komwe. Chinanso ndikupemphani ndi mtima wonse: osaboola chigoba kuti mumangirepo chingwe, osachipaka penti kapena kulembapo dzina.

Nanga bwanji osangomusunga? Mbali ina ndi lamulo. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo akamba onse a kumtunda ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire pakati pa mayiko. Koma chachikulu kwa ine ndi moyo wa nyamayo. Kamba sanasochere. Amadziwa dera lake: pomwe pali una wobisalamo m'chilimwe, chulu chomwe amathawirako moto, pomwe pamadikha madzi. Mukamupititsa kwina, ngakhale kokongola ngati ku Mulunguzi, amayamba kuyendayenda kufuna kwawo, n'kukathera pamsewu. Amakulanso pang'onopang'ono, zimatenga zaka zambiri kuti ayambe kuswana, ndipo wamkazi amaikira mazira ochepa. Dzinja lino ndiyo nthawi yomwe amayenda kufuna anzawo ndi poikira. Mukamutembenuza pang'ono n'kuona kuti kunsi kwake n'kosalala ndipo mchira ndi waufupi, ndi wamkazi, mwina ali ndi mazira m'mimba. Wamwamuna kunsi kumakhala kolowa mkati, mchira wautali.

Pomubweza, pitani ndi anawo kuti akuonetseni malo enieniwo. Sankhani m'mawa kapena chakumadzulo kukazizira, mumunyamule ndi manja awiri ali chafulati, osamuzondotsa. Muikeni pansi pa chitsamba chapafupi, kutali pang'ono ndi njira, nthawi yomwe palibe anthu ambiri oonerera, chifukwa alipo omwe amamuona ngati ndiwo kapena mankhwala. Mukapeza kuti malowo alimidwa onse kapena pakumangidwa nyumba, musamutaye paliponse. Funsani kaye a zanyama zakutchire aja. Ndipo muwauze anawo kuti tsiku lina akadzapeza wina akuwoloka msewu, angomuwolotsa kulowera komwe amalowera, n'kumusiya pomwepo.