Yunivesite yotchuka kapena yaing'ono: yankho kwa wofuna uinjiniya

Wowerenga wina wandilembera kalata ali pamphambano. Mayunivesite awiri amupatsa malo oti akachite digiri ya uinjiniya wa zamagetsi. Yoyamba ndi yaikulu, dzina lake n'lodziwika ndipo imakhala pamwamba pa mindandanda ya pa intaneti yosanja mayunivesite, koma fizi yake ndi yokwera komanso ili kutali ndi kwawo. Yachiwiri ndi yaing'ono, yotchipirapo, ndipo ikulonjeza kuti wophunzira aliyense amakagwirako ntchito ku kampani asanamalize. Makolo ake mtima uli pa yoyambayo. Iye akufunsa kuti apite kuti.

M'bale wanga, m'kalata yanu mwatchula dzina, fizi ndi mtunda, koma chinthu chachikulu simunachitchule. Kodi digiri ya zamagetsi ya kulikonseko ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mainjiniya? Uinjiniya suli ngati maphunziro ena omwe ukangolandira pepala basi zatha. M'maiko ambiri, kuti munthu asayine mapulani ndi kusenza udindo wa ntchito yaikulu, amayenera kulembetsedwa ngati injiniya, ndipo njira yosavuta yofikira pamenepo imayambira pa digiri yovomerezeka. Ku America bungwe loyendera maphunzirowa ndi ABET, ku South Africa ndi ECSA, ku UK zimadutsa mwa Engineering Council. Dziko lomwe mukufuna kukagwirako ntchito lili ndi malamulo akeake, ndiye yambani mwawafufuza.

Palinso mgwirizano wotchedwa Washington Accord. Unasayinidwa mu 1989 ndi mabungwe a ku America, UK, Canada, Australia, Ireland ndi New Zealand, ndipo ena analowa pambuyo pake, monga South Africa mu 1999, India mu 2014 ndi China mu 2016. Mfundo yake ndi yakuti digiri yomwe bungwe limodzi mwa amenewa laivomereza, enawo amaiona ngati yofanana ndi yawo. Ngati mumalota zokagwira ntchito kunja tsiku lina, zimenezi zidzakupulumutsani ku mayeso ndi mapepala ambirimbiri.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Chimene chimavomerezedwa si yunivesite yonse ayi, koma digiri iliyonse payokha. Sukulu yotchuka ikhoza kukhala ndi digiri ya zomangamanga yovomerezeka, pomwe ya zamagetsi yangoyamba kumene ndipo sinayenderedwe. Chilolezocho chimakhalanso ndi zaka zake, chimatha ndipo chimafunika kuchikonzanso. Musakhutire ndi mawu a pa kabuku kotsatsa sukulu. Pitani pa mndandanda wa bungwe lenilenilo, mupeze dzina la digiriyo ndi zaka zomwe chilolezo chikugwira. Onetsetsaninso kuti ndi digiri ya injiniya, osati ya technologist (katswiri wogwiritsa ntchito luso la uinjiniya lomwe lilipo kale), yomwe ili ndi mgwirizano wina wa 2001 wotchedwa Sydney Accord. Ntchito zonse ziwirizi n'zaulemu, koma njira zake n'zosiyana, ndipo si bwino kuzindikira zimenezi muli kale m'chaka chachitatu.

Za mindandanda ija sindichedwapo. Ya QS ndi ya Times Higher Education imapereka mamakisi ambiri potengera kafukufuku wa maprofesa, kuchuluka kwa anthu otchula zolemba zawo, ndi mbiri ya sukuluyo pakati pa akatswiri. Zimenezo sizikuuzani ngati profesa wotchukayo amalowa m'kalasi ya chaka choyamba, kapena mudzangomuona pa chithunzi.

Kunena zoona, zaka ziwiri zoyambirira zimafanana pafupifupi kulikonse. Masamu a calculus ndi omwewo, malamulo a zamagetsi a Ohm ndi Kirchhoff ndi omwewo, masamu a Laplace adzakutulutsani thukuta kaya muli ku sukulu yaikulu kapena yaing'ono. Kusiyana kumayambira mu labu. Munthu amene walumikiza yekha mawaya a mota, wayeza mafunde a magetsi pa oscilloscope, wawotchapo resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) n'kuzindikira chifukwa chake, amatuluka wosiyana ndi amene anangoimirira kumbuyo kwa anzake khumi akulemba manambala. Choncho funsani kuti pa tebulo limodzi la mu labu pamakhala ophunzira angati, makina angati akugwiradi ntchito, ndiponso ngati labuyo imatsegulidwa kunja kwa nthawi ya kalasi. Musafunse a mu ofesi yolembetsa. Pezani wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi, iyeyo alibe chobisa. Mupempheninso akuonetseni mapulojekiti a chaka chomaliza a chaka chatha. Ngati ambiri ndi malipoti okhaokha opanda chinthu chomwe chinapangidwa n'kuyesedwa, mwadziwa kale. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lonjezo la yunivesite yachiwiri lokutumizani ku kampani nalonso lifunika kulifinya. Amakupezerani malo ndani, sukulu kapena inu nokha? Ndi miyezi ingati? Kodi mphunzitsi amabwera kudzaona zomwe mukuchita, kapena mumangotumidwa kukajambulitsa mapepala? Miyezi 6 pansi pa injiniya wodziwa ntchito imatsegula makomo, chifukwa makampani amakonda kulemba munthu amene anamuona kale akugwira ntchito.

Tsopano ndalama. Musawerenge fizi ya chaka chimodzi chokha. Werengani zaka zonse 4 kapena 5, muphatikize nyumba, mayendedwe, laputopu yotha kunyamula mapulogalamu olemera monga MATLAB ndi AutoCAD, muikeponso kena poti fizi imakwera. Uinjiniya umadya nthawi, moti kudalira ganyu kuti mulipire sukulu kumagwetsa anthu anzeru ndithu. Chowawa kuposa zonse n'kusiyira panjira m'chaka chachitatu, ngongole ilipo koma digiri palibe.

Sindikunena kuti dzina ndi lopanda ntchito. Ngati mtima wanu uli pa kafukufuku, mukufuna masters kenako PhD, yunivesite yaikuluyo ikhoza kukuthandizani kwambiri: kalata yochokera kwa profesa wodziwika imamveka kutali, ndipo omwe anaphunzira kumeneko amakokana pa ntchito. Ngatinso ili ndi nthambi yomwe inayo ilibe, monga ya matelefoni kapena ya magetsi a dzuwa, ndipo ndi yomwe mukuifuna, pamenepo nkhani yasintha. Yambani mwafunsa ngati ali ndi thandizo la fizi musanaitaye.

Koma potengera zomwe mwandilembera, mukufuna kukhala injiniya wogwira ntchito ndi manja, ndipo ndalama kunyumba n'zoperewera. Ngati digiri ya yunivesite yaing'onoyo ili pa mndandanda wa bungwe lovomereza, ndipo ophunzira ake akutsimikizira za labu ndi za kukampani zija, ine ndikanapita kumeneko. Ngati palibe pa mndandandapo, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Makolo musalimbane nawo ndi pakamwa pokha. Akufuna yotchukayo chifukwa akuopa kuti mudzasowa ntchito, ndiye khalani nawo pansi, muwaonetse pa pepala chilolezo cha digiri iliyonse, ndalama za zaka zonse, ndi komwe omaliza chaka chatha akugwira ntchito.