Mwakweza galimoto, chiwongolero chayamba makani: musathamangire damper

Achimwene ena a ku Lizulu anditumizira imelo. Akuti ali ndi pikapu ya Land Cruiser 79 yomwe amanyamulira kachewere kuchokera ku Tsangano, anaikweza ndi mainchesi 3 nkuikanso matayala a mainchesi 33 kuti isamakhule pansi nthawi yadzinja. Koma chiikwezereni galimoto ikumangopita uku ndi uku pa tara, akakhota chiwongolero sichibwerera chokha, ndipo akagunda dzenje pa sipidi ya 70 kapena 80 kutsogolo konse kumanjenjemera mpaka aponde buleki. Makaniko wawo akuti gulani steering damper yaikulu. Ndiye akufunsa, ndigule?

Achimwene ndalamayo isungeni kaye. Damper ndi shoki chabe yogona chopingasa, ntchito yake nkufewetsa kugwedeza kusanafike m'manja mwanu, basi. Mukaika yaikulu vuto lingobisala, uku pansipo zinthu zikupitiriza kudyeka, tsiku lina nkudzakudzidzimutsani muli ndi matumba kumbuyo mukutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, pomwe makona ake sakhululuka.

Zomwe mwafotokozazo ndi matenda awiri osiyana. Kusochera ndi kusabwerera kwa chiwongolero ndi nkhani ya caster. Taonani foloko ya njinga ya kabaza, siimaima chilili, kumwamba kwake imapendekera kumbuyo, nchifukwa chake njinga imatha kuyenda molunjika ngakhale wakabaza atasiya mahandulo. Galimoto nayonso ili ndi kupendekera komweko, ndiye caster yo. Tsono 79, kuyambira za 1999, kutsogolo ili ndi ekiselo yathunthu pa makoyilo, yogwiridwa ndi mikono iwiri ija amati ma radius arm yochokera pa chasisi. Mukakweza, ekiselo imatalikira chasisi, mikono nkuweramira pansi, ekiselo nkupotokera kutsogolo, caster ija nkuchepa kapena kutheratu, ndiye galimoto ilibenso chifukwa choyendera molunjika, mumangolimbana nayo kuyambira pa Biriwiri mpaka ku Dedza mapewa kuwawa.

Kukonza kwake, pa mainchesi 2 mabushi a caster, malabala a bowo lapambali oika pa ma radius arm, amakwanira, ngakhale ine sindiwakonda kwenikweni poti pamsewu wafumbi sachedwa kutha. Pa 3 kupita mtsogolo pamafunika ma caster plate kapena ma radius arm opangidwira galimoto yokweza. Ndipo mukapita ku alayimenti, kaya ku Lilongwe kaya ku Blantyre, muwauze akupatseni pepala loonetsa caster mbali zonse ziwiri, chifukwa pa ekiselo yamtunduwu chomwe amatha kukhwimitsa ndi toe yokha, kuloza mkati kapena kunja kwa matayala akutsogolo, ena amangokonza toe yo nkukuuzani kuti zatheka bwana, inu nkulipira, vuto lili pompo.

Palinso panhard rod, chitsulo chopingasa chomwe chimagwira ekiselo kuti isapite kumanja kapena kumanzere. Mukakweza chimakoka ekiselo kumbali imodzi. Imikani galimoto pamalo osalala muyeze mmene tayala lililonse lakutsogolo latulukira m'bodi, mukapeza kusiyana gulani panhard yotheka kutalikitsa. Koma musayerekeze ndi matayala akumbuyo mungasokonezeke, 79 za kuyambira 2007 kumbuyo nkopapatiza kuposa kutsogolo, zinachoka choncho kufakitale.

Kunjenjemerako ndiye koopsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti china chake chakhwepa, kukwezako kwangochiulula. Apa simufuna mashini ayi. Matayala ali pansi, wina akhale pa chiwongolero azichigwedeza uku ndi uku mwachangu, inu mugone kutsogolo ndi tochi muziyang'ana mabushi a panhard ndi mabawuti ake, ma tie rod end ndi drag link (zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala), mabushi a radius arm, ngakhale mabawuti a steering box pa chasisi. Chilichonse chosewera kapena kulira kho kho nchimenecho. Nthawi zambiri amakhala panhard, mwina bowo la bulaketi lakula chifukwa bawuti inayenda yosamanga bwino. Kenako imikani pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi nkuligwedeza, likasewera ndi ma wheel bearing kapena ma kingpin bearing, aja tayala limatembenukirapo pokhota, ndipo pa Cruiser yonyamula katundu ngati yanuyo ma kingpin amatha ndithu. Mabawuti a mabushi muzimanga komaliza galimoto itatsika pa jeke, mukamanga ili m'mwamba labala imapotoka nkung'ambika msanga.

Matayala a 33 ndi olemera, akapanda balansi pang'ono pokha amayambitsa zonsezi, komanso matope a ku Tsangano akaumira mkati mwa rimu balansi yatha kale. Tsukani kaye musanaimbe mlandu china chilichonse. Mpweyanso, anyamata opopa matayala amakonda kudzaza mpaka gwa, galimoto ikakhala yopanda katundu imangodumpha.

Chinanso chomwe okweza ambiri amaiwala ndi mapaipi a buleki a labala, onani ngati sakukokeka ekiselo ikalendewera. Ngati yanu ilibe ABS, kumbuyo kuli kavalavu koyeza kulemera kwa katundu, mukakweza kamaona ngati galimoto ilibe kanthu nkuchepetsa buleki yakumbuyo, kamafunika kusinthidwa bulaketi.

Mukandifunsa ine, kukweza ndi mainchesi 3 kwachuluka pa ntchito yanuyo. Chomwe chimachotsa difu pansi ndi tayala osati sipuling'i, ndipo galimoto yaitali yosenza matumba mpaka pamwamba imapendama kwambiri pakona. Ndikanakhala ine ndikanatsitsa kufika pa 2, ndalama ya damper nkugulira mabushi ndi panhard. Pakadali pano ikayamba kunjenjemera musaponde buleki mwamphamvu, gwirani chiwongolero, chotsani phazi pa moto, itsike sipidi pang'onopang'ono mpaka isiye, ndipo musaikenso katundu wolemera mpaka mutapeza chakhwepacho.