Achimwene, botolo limenelo liikeni kaye pambali

Chithunzi mwatumiza chija, cha makorali akuyera m'thanki yanu, pamodzi ndi botolo limene wakusitolo akuti muthiremo, chandikumbutsa February wa 2023 kuno ku Durban, mpaka mtima wandiwawanso. Thanki ya abwana ya malita 600, ya madzi amchere yowetera makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomanga matanthwe), woisamalira ndine. Load shedding (kuzima kwa magetsi mosinthana) ili pa stage 6, chiller, makina oziziritsa madzi, ikungozimazima, madzi amene timasunga pa madigiri 25 kapena 26 anafika 30. Lolemba m'mawa ndikutsegula chitseko, fungo lokhalokha! Korali ya mtundu wa Acropora imene ndinailera zaka ziwiri ili mbee ngati ufa woyera, mnofu ukusupuka n'kumayandama, nkhono zili gada pamchenga. Ndinagwada pamenepo ndikuponyamo mabotolo a madzi oundana, manja akunjenjemera, abwana ali kumsana kwanga akufunsa chimene ndathiramo.

Kutentha ndinkakudziwa. Mkati mwa korali mumakhala tindere tating'onoting'ono, zooxanthellae, timene timaipatsa mtundu ndi chakudya chochuluka. Madzi akapitirira muyezo ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, korali imatilavula, ndiye kuyerako. Koma nkhono zinaferanji? Titatumiza madzi ku ICP test, kopima zitsulo ndi michere ya m'madzi ku labotale, anapezamo kopa ndi zinki. Pulambala amene anabwera mu December anaika vavu ya brass, chitsulo chosakaniza kopa ndi zinki, papaipi yopita kuthanki, madzi amchere n'kumaidya pang'onopang'ono. Kopa amapha makorali, nkhono ndi shrimp ngakhale akhale wochepetsetsa, ndipo korali yofooka kale ndi kutentha siingapirire. Nditamuimbira pulambalayo akuti, "Madzi ndi madzi, baba." Munthu wolandira ndalama zonse zija! Mlandu unagwera ine, mwezi wonse abwana osandiyankha moni, pulambalayo osapepesa n'komwe.

Ndiye wakusitolo wakuuzaniyo kuti muthiremo ma trace elements, michere yofunika pang'ono chabe monga ayironi ndi manganese, musamumvere panopa, akufuna kugulitsa basi. Tsitsani kaye kutentha pang'onopang'ono, fani iziwomba pamwamba pa madzi, chepetsani kuwala kwa nyali. Fufuzani chitsulo chilichonse chokhudza madzi, ngakhale maginito a pampu ngati achita dzimbiri. Mankhwala a white spot (matenda a nsomba a timadontho toyera) okhala ndi kopa asayandikire. Korali yoyera imene mnofu ulipobe musaitaye, yanga ya mtundu wa Montipora inabwerera mtundu patatha miyezi itatu.

Komabe ayironi ndi manganese tindere tija timazifuna ndithu, ine panopa ndimadonthezamo sabata iliyonse ndipo makorali akuoneka bwino. Inunso mukhoza kuyamba, theka la muyezo wolembedwa pabotolopo, mukatumiza madzi anu ku ICP test ndipo zotsatira zake zikabwera.