Chule, bondo ndi kope la m'golosale: mayankho a mafunso anu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene ali pa kafukufuku muno mu Blantyre. Sukulu anaphunzira m'Chingerezi, malipoti akulemba m'Chingerezi, koma anthu amene akufuna kuwafunsa mafunso ndi kuwathandiza amalankhula Chichewa. Ndasankhapo makalata atatu, ndi kafunso kamodzi kamene kabwera kangapo.

Yoyamba ndi ya mphunzitsi wa sayansi ku Chilomoni. Akuti: "Ine ndi ana anga a sukulu tikuwerenga achule m'tsinde mwa phiri la Michiru, ndipo ndikufuna kulembera makolo kapepala. Mawu akuti amphibian ndiwamasulire bwanji? Mnzanga akuti ndilembe kuti nyama zokhala m'madzi ndi pamtunda."

Aphunzitsi, mnzanuyo watsata gwero la mawuwo, pakuti m'Chigiriki amanena za moyo wa pawiri. Koma kholo likawerenga zimenezo liganiza za mvuu, ng'ona ndi katumbu, zomwe si zam'gulu limeneli. Komanso finye mumuika pati? Tonse timamudziwa, wathupi lozungulira, wamiyendo yaifupi, amene amatuluka mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikuuluka, ndipo ukamukhudza amafufuma. Iyeyu amaikira mazira m'una pansi pa nthaka, ana ake amakulira momwemo mpaka kutuluka ali tiachule, osasambirako m'madzi. Ndi mmodzi wa gululi, koma tanthauzo la mnzanu lija lamusiya panja.

Ine ndingalembe kuti "achule ndi abale awo". Abale ake alipodi. M'dothi lachinyontho la kumapiri kuno muli kanyama kopanda miyendo, kooneka ngati nyongolotsi yaikulu, kamene asayansi amakatcha Scolecomorphus kirkii. Si njoka, si nyongolotsi, ndi mbale wa chule. Mukalemba chonchi kholo limva nthawi yomweyo, ndipo mwana wa mayeso adzaphunzira yekha mawu a Chingerezi aja m'kalasi.

Mwafunsanso za frog ndi toad. Musadzivute. Onsewo kwathu ndi achule, ndipo ngakhale asayansi saika malire olimba pakati pa awiriwa. Pofuna kusiyanitsa nenani kuti chule wa khungu losalala ndi chule wa khungu lanjerewere, uja timampeza pakhonde usiku akudikira tizilombo tobwerera magetsi. Ana a chule ndi mbululu, ndipo mawuwa ali m'gulu la mbuzi ndi nkhuku: mbululu imodzi, mbululu zambiri. Chule ndi finye ali m'gulu la galu ndi nyalugwe: chule uyu, achule awa, afinye aja.

Pali achule ena amene mudzawapeza m'mabuku ndi mayina a Chilatini. Kuphiri la Mulanje kuli Arthroleptis francei, amene Arthur Loveridge anamulemba mu 1953, ndi Nothophryne broadleyi, amene John Poynton anamulemba mu 1963. Chule wachiwiriyu mbululu zake zimakulira pathanthwe lonyowa pomwe madzi akungotsetsereka pang'ono. Mayina otere asiyeni momwe alili, kenaka fotokozani maonekedwe ndi malo. Chonde musapeke dzina lachichewa muli pa tebulo. Pitani kaye kwa agogo a m'deralo ndi chithunzi, muwafunse kuti ameneyu amamutcha chiyani, mulembe dzinalo pamodzi ndi mudzi umene mwalimva.

Kumene Chichewa chili ndi chuma ndi pa mayina a malo. Chithaphwi ndi madzi a mvula odikha amene amauma pakapita masiku. Thamanda ndi lokulirapo ndipo limakhalitsa. Dziwe ndi pakuya pamtsinje. Khwawa ndi njira ya madzi yotsika m'phiri, yomwe nthawi zambiri imauma m'chilimwe. Dambo ndi chigwa cha udzu chomwe chimasunga madzi, ndipo mawu amenewa analowa ngakhale m'mabuku a Chingerezi a akatswiri a nthaka ndi madzi, amalemba dambo momwemo. Mwana akalemba kuti wapeza mbululu m'chithaphwi wakuuzani kale kuti mbululuzo zili pa liwiro ndi dzuwa: zikapanda kumera miyendo madzi asanaume, zatha. Musalole kuti mawu onsewa amezedwe ndi "malo a madzi".

Pa kapepala ka makolo kaja onjezani chifukwa chake mukuchitira zimenezi. Khungu la chule ndi lopyapyala, amapumira momwemo ndipo madzi amalowera momwemo, choncho madzi akaipa iye ndiye amayamba kuvutika. Aliyense amene waima pa mlatho wa Mudi n'kuona mtundu wa madzi ake amvetsa. Ndipo poti achule ambiri mudzawawerenga ndi khutu, usiku, mawu ake ndi "kulira". Akulu anati mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Olirawo ndi amuna, akuitana akazi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wophunzitsa mpira anyamata ku Bangwe, amene akuthandiza ophunzira za mafizo kulemba momwe osewera amavulalira ndi momwe amachirira. Akuti: "Dokotala akati ligament, tendon kapena nerve, ine ndimangoti mtsempha. Tsiku lina ndinauza mayi kuti mwana wawo waduka mtsempha, anayamba kulira poganiza kuti magazi akutayikira m'kati. Ndinalakwa pati?"

Akochi, simunalakwe Chichewa. Mtsempha ndi mawu amodzi osenza katundu wambiri, ndipo anthu ambiri akamva mtsempha amaganiza wa magazi, uja namwino amaufunafuna pamkono. Choncho mawuwa asamayende okha. Nenani mtsempha wa magazi, mtsempha womangirira fupa ku fupa linzake, mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, mtsempha wonyamula uthenga wa ku ubongo. Ndi zazitali, inde, koma mukazinena kamodzi mutagwira pamalopo, kachiwiri mungoti "mtsempha uja" ndipo mayi amva. Uja wa m'kati mwa bondo, womwe madokotala amautcha ACL, nenani kuti ndi womangirira fupa la ntchafu ku fupa la msongolo kuti bondo lisamagwedere. (Polemba kumbukirani kuti bondo likachuluka ndi mawondo, monga anthu amanenera kuti wagwada mawondo onse.)

Mphamvu ya chiyankhulo chathu pa nkhani iyi ili m'aneni. Kubinya n'kupotoka kwa polumikizana mafupa, mitsempha n'kukokeka kapena kung'ambika, fupa lili bwinobwino. Kuguluka ndi pamene fupa lachoka m'malo mwake, monga phewa la goloboyi amene wagwera mkono. Kuthyoka ndiye kwa fupa lenileni, kofuna chikhakha. Pa fomu yanu mawu atatuwa akhale pa mizere itatu, chifukwa mnyamata akangoti "ndavulala" simunadziwe kanthu. Onaninso kusiyana kwa kuthyoka ndi kuthyola, kuvulala ndi kuvulaza. "Anathyoka mwendo" sakuloza munthu chala. "Anamuthyola mwendo" pali woimbidwa mlandu. Mu lipoti la kafukufuku lembani loyambalo, pokhapokha ngati funso lanu ndi la kuchitirana nkhanza m'bwalo.

Tsono pali mawu amene ndikufuna tikhalepo pang'ono: kuthowa. Ndikukumbukira mayi anga akuthowa phazi la mchimwene wanga atabinya pa mpira wachikulunga. Beseni la madzi otentha pakhonde, kansalu akukaviika, kukafinya, kukasindikiza pa kakolo pang'onopang'ono, iye akukukuta mano. Mmenemo ndimo timadziwira kuthowa, ndipo mawuwo amanyamula kutentha m'kati mwake. Koma a zachipatala amalangiza kuti masiku awiri oyamba pamalo potupa pasaikidwe zotentha, chifukwa kutentha kumakokera magazi pamenepo ndipo kutupa kumawonjezeka. Ndiye mukalemba kuti "thowani ndi ayisi", ambiri amva "thowani" basi, n'kukatereka madzi pamoto. Lembani kuti "ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani bandeji osathinitsa, mwendo ukhale pamwamba pa pilo, kuthowa kudikire kaye."

Malangizo a kupuma, ayisi, kumanga ndi kukweza mwendo anawatchukitsa ndi dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, mu 1978. Patapita zaka zoposa 30 iye mwini analemba kuti ayisi wambiri ndi kungokhala osagwedezeka zitha kuchedwetsa kuchira. N'chifukwa chake a mafizo, monga aja amaphunzira ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ogwira ntchito ku chipatala cha mafizo cha Kachere, amayambitsa munthu kusuntha chiwalo pang'onopang'ono ululu ukangolola. Apanso samalani ndi mawu. "Apume" kwa kholo atha kumveka kuti agone mwezi wathunthu. Nenani kuti "asasewere mpira, koma aziyenda monga auzidwira."

Ndipo chimene chimabweza anyamata ambiri m'bwalo nthawi isanakwane ndi kusokoneza mawu atatu awa: kupeza bwino, kupola ndi kuchira. Kupeza bwino n'kuchepa kwa ululu. Kupola n'kwa bala, pamene khungu latsekeka kwatsala chipsera. Kuchira n'kwa munthu yense. Wochitidwa opaleshoni ya ACL bala lake limapola m'masabata ochepa, koma kuti bondo lipirire kuthamanga, kutembenuka ndi kudumpha pamafunika miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo. Mukamufunsa kuti "wachira?" ayankha kuti eya, chifukwa akufuna jezi yake Loweruka. Mufunseni kuti "ungaime ndi mwendo umodzi? Ungadumphe n'kutera osamva kuwawa?"

Kalata yachitatu ndi ya mtsikana wophunzira ku yunivesite ya MUBAS, amene akufufuza momwe eni magolosale ndi maokala ku Limbe ndi ku Ndirande amasungira zolemba za malonda awo. Funso lake loyamba pa fomu linali lakuti "Kodi mumasunga bwanji deta yanu?" Anthu angapo anamuyankha kuti amazimitsa usiku kuti bandulo isathe msanga.

Achemwali, anthuwo anayankha bwino funso limene anamva. Deta analowa kale m'Chichewa, koma analowera pa foni, ndipo mumsewu amatanthauza ya intaneti. Musalimbane nazo. Funsani kuti "Zimene mwagulitsa pa tsiku mumalemba pati? Nanga ongongola mumawalemba pati?" Mudzaona akutulutsa kope la ana a sukulu, bolopeni atamangirira chingwe, masamba akutsogolo ali zogulitsa, akumbuyo ali mayina a ongongola, amene abweza atakhwatchidwa. Chimene mukufufuzacho n'chimenecho, ndipo dzina lake ndi kope.

Pa mawu akuti information musathamangire "uthenga" kapena "chidziwitso". Uthenga umafuna wotumiza ndi wolandira. Chidziwitso ndi chija amamata pa chitseko kapena kulengeza pa wailesi. Nthawi zambiri chimene mukufuna kunena chili ndi dzina lake kale: mitengo, ngongole, phindu, katundu wotsala, malisiti, ziwerengero. Tchulani chimenecho. Database mutha kuyitcha nkhokwe ya zolemba, ndipo fanizoli ndimalikonda chifukwa m'nkhokwe mumathiridwa, mumatapidwa, ndipo mumafunika kutetezedwa. Ikakhala ya mayina a anthu, kaundula akwanira.

Sisitimu ndi mawu amene sindingawakane, pakuti aliyense amene waimapo pa mzere ku banki anamvapo kuti sisitimu yagwa. Agwiritseni ntchito ponena za makompyuta ndi mapulogalamu ake. Ponena za kayendetsedwe konse, kuphatikizapo anthu, makope ndi amene amasunga kiyi wa kabati, mawu ake ndi dongosolo. Ndondomeko ndi masitepe otsatana, monga kuoda katundu, kumuwerenga, kumulemba, kenaka kumuika pa shelefu. Mayina a makina, monga EFD, makina otulutsa malisiti a msonkho amene bungwe la MRA linabweretsa mu 2014, asiyeni choncho, ndi momwe amalonda amawatchulira. Chenjeraninso ndi mpamba. Kale sikunali kukayika kuti ndi ndalama yoyambira geni, koma lero mukafunsa kuti "mpamba muli nawo?" wina aganiza za Mpamba wa TNM. Lembani "mpamba wa bizinesi yanu".

Kafunso kaja kabwera kangapo n'kakuti: kuyesa kapena kuyeza? Kuyeza n'kupima: timayeza madzi a mu Mudi, timayeza kutupa kwa bondo, timayeza magazi, timayeza ufa pa sikelo. Kuyesa n'kuchita chinthu kuti uone ngati chitheke: timayesa sisitimu yatsopano, timayesa kuponda ndi mwendo wobinya, mphunzitsi amayesa ana mayeso. Pa fomu yopempha chilolezo chilembo chimodzichi chimasintha zambiri. "Tikufuna kukuyezani bondo" munthu apinda buluku n'kukhala pansi. "Tikufuna kukuyesani" adzafunsa kuti mundiyese chiyani, ndipo ena adzaganiza kuti mukufuna kuwayesera mankhwala. Musanasindikize fomuyo, muwerengereni mokweza munthu wa kunyumba kwanu amene sanalowepo m'kalasi mwanu, ndipo mumufunse kuti wamva kuti achitidwa chiyani.