Za gemu ya bambo wothamanga ndi kabudula kumanda ija

Achimwene, mwafunsa za gemu yomwe mwaipeza m'kachipangizo kolumikiza ku TV kamene munagula pamsika wa Kasungu, ija ya bambo wandevu amene zovala zimamuthothoka n'kumathamanga ndi kabudula wamkati pakati pa manda. Mwati mwana wanu wa zaka 9 waiyesa masiku atatu osadutsa ngakhale gawo loyamba, mpaka dzulo anaponya padi (chogwirira cha mabatani chosewerera gemu) pansi n'kuyamba kulira, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi yabwino kapena mungoichotsa. Ndaona ena akuyankhani kuti kachipangizoko n'kachinyengo. Ayi ndithu, pankhani iyi kachipangizo kalibe mlandu. Gemuyo anaipanga choncho dala.

Dzina lake ndi Ghosts 'n Goblins. Inapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Capcom mu 1985, ndipo kwawoko amaitcha Makaimura. Amene anaitsogolera ndi Tokuro Fujiwara. Poyamba sinali ya panyumba, inali ya m'makina akuluakulu aja oika ndalama yachitsulo kuti usewere. Iyi ya makina a panyumba a kampani ya Nintendo, imene mwina ndi imene muli nayoyo, inatuluka mu 1986. Mfundo ya ndalamayi muigwire, chifukwa zambiri zimene zamuliza mwana wanu zikuchokera pamenepo. Mwini makina sapindula ngati munthu aponya khobidi limodzi n'kukhalapo ola lathunthu. Amafuna ufe msanga, koma ufe ukumva kuti unangotsala pang'ono, kuti upisenso m'thumba.

Ine ndinakumana nayo ndili mwana cha ku Mtunthama. Malume athu anabwera ndi TV gemu ya makatiriji achikasu aja olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, pomwe enieni anali ochepa, ena onse kungobwerezabwereza. TV yathu inali yaing'ono, ya batire ya galimoto. Batire ikayamba kufooka chithunzi chinkafupika m'mwamba ndi m'munsi, ife n'kumasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Tinalipo ana asanu, padi yogwira bwino imodzi. Lamulo linali lakuti ukafa upereke kwa mnzako. Pa gemu ya Mario munthu ankatha kukhala nayo padi mpaka ena kuyamba kuwodzera, koma pa iyi padi inkazungulira ngati chikho cha thobwa pa dima.

Bambo wandevuyo ndi Arthur, msilikali wovala zachitsulo, ndipo akupita kukalanditsa mwana wamkazi wa mfumu amene chiwanda chamuba iye akuona. Nkhani yake ndi yomweyo basi, palibe chozama. Chimene ndimachitamanda mpaka lero ndi nzeru ya chovala chija. Magemu ambiri amakuikira kamzere pamwamba kosonyeza mphamvu zimene zatsala. Iyi ayi. Akakumenya kamodzi chitsulo chimabalalika, umatsala ndi kabudula. Akakumenyanso umasanduka mulu wa mafupa. Ndiye sufunika kuyang'ana kwina, thupi la munthu wakoyo likukuuza kale mmene zinthu zilili. Ndipo zimaseketsa. Ngakhale agogo athu, amene sankafuna n'komwe kumva za TV gemu, ankati akasuzumira pakhomo n'kuona Arthur ali chibadwire cha kabudula amafunsa kuti "wavulidwanso mnzanuyo?" Mantha ndi nthabwala zili m'mbale imodzi, ndipo si ambiri anakwanitsa kuphika zimenezi bwino chonchi nthawi imeneyo.

Malo akenso anawakonza mwaluso. Umayamba kumanda, mitembo ikutumphuka m'nthaka, ina itasenza miphika yokhala ndi zida, makhwangwala atatera pa ziliza. Kenako nkhalango, kenako tauni yopanda anthu yokhala ndi zimphona zoyendayenda m'nyumba yosanja, kenako mapanga, mlatho wa moto, mpaka kukafika kunyumba ya mfumu ya ziwanda. Ukamayamba amakuonetsa mapu a ulendo wonse ndi pamene wafika, ndipo ukaona kutalika kwa njira yotsala mtima umagwa m'mimba. Nyimbo ya gawo loyamba ndimatha kuiimba ndi mluzu lero lino, patapita zaka zonsezi.

Tsopano kudumpha. Apa ndi pamene anthu amagawanika, ndipo ine ndili kumbali ya gemu. Arthur akadumpha wadumpha, sungamukhotetse m'malere ngati mmene umachitira ndi Mario. Mwana amene anazolowera magemu a pafoni amaona ngati batani lafa. Koma ndi lamulo loona mtima, silisintha, ndipo limakuphunzitsa kuyang'ana kaye pomwe ukaponde usananyamuke, monga mmene umachitira podumpha ngalande nthawi ya dzinja utanyamula thumba la ufa. Ukafa chifukwa cha kudumpha, mlandu ndi wako. Chimodzimodzi chiwanda chofiira chamapiko chija, Red Arremer, chimene chimakhala pansi phee chakumapeto kwa manda ngati chikuwothera dzuwa. Ndikukhulupirira kuti ndi pamenepo pamene mwana wanu akuthera. Ukachiponyera chida chimazinda n'kukwera m'mwamba, kenako chimatsika mokhota n'kukupsontha. Chimaoneka ngati chikuwerenga maganizo ako. Msuweni wanga wamkazi, amene tinkamuderera, ndi amene anatulukira kuti chinsinsi n'kusachithamangira: uziponya chikadali pansi, chikauluka udikire chitsike chokha, osadumphadumpha ngati chiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limene anachipha koyamba tinakuwa mpaka amayi anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kuganiza kuti kwalowa njoka. Chiwandachi anthu anachikonda moti Capcom inadzachipangira gemu yakeyake, Gargoyle's Quest, mu 1990.

Koma sindikubisirani, pali zina zimene si kuvuta koona mtima, ndi nkhanza chabe.

Zida zilipo zisanu: mkondo umene umayamba nawo, mpeni, muuni wamoto, nkhwangwa ndi chishango. Mpeni ndiye wabwino, umathamanga ndipo umapita molunjika. Muuni ndi tsoka. Umagwera pafupi, n'kumayaka pansi, ndipo ukaponya iwiri uyenera kudikira izime usanaponye ina, apo mdani wakufika kale. Choipa n'chakuti chida chikagwa panjira yako ukangochikhudza chalowa m'manja, sakufunsa, ndipo nthawi zina chimagwera pamalo opapatiza pomwe kuchilambalala n'kovuta. Ukafa sichichoka, umadzuka nacho chomwecho. Tangoganizani, gemu imene mphatso yake umaithawa kuposa mdani. Kuwonjezera apo adani ena amangotulukira pomwe iwe uli, mtembo kutumphuka pansi pa mapazi ako ukutera, ndipo akakumenya umakankhidwira kumbuyo, nthawi zambiri m'madzi kapena m'dzenje. Nthawinso ikuwerengedwa pamwamba, ikatha wafa. Ndiye gemu yomweyo ikukuuza kuti dekha, yomweyonso ikukuthamangitsa. Iyi ya Nintendo ili ndi vuto linanso lakelake: kayendedwe kake n'kogwedezeka, adani akachuluka amathwanimathwanima, moti china chimatha kukugunda usanachione bwinobwino. Ngati padi ya kachipangizo kanuko ndi yopanda waya ndipo imachedwa kumva, ndiye mwana akulimbana ndi adani awiri.

Chachikulu kwambiri chili kumapeto, ndipo mundikhululukire ndikuululirani, chifukwa ndi bwino mudziwiretu. Ukavutika magawo onse asanu ndi limodzi, sungakumane ndi mfumu ya ziwanda ngati sunanyamule chishango. Ukafika ndi chida china amakubweza m'mbuyo. Ukapeza chishangocho, n'kuigonjetsa mfumuyo, amakulembera kuti zonsezi zinali chinyengo, msampha wa Satana, ndipo uyambirenso ulendo wonse kuchokera kumanda kuja. Kachiwiri. Ife sitinafikeko tili ana. Ndinadzafikako ndili wamkulu, pa kompyuta, ndikusunga malo pamene ndafika, chinthu chimene gemu yeniyeniyo ilibe. Ndinakhala duu kuyang'ana mawuwo kwa kanthawi, kenako ndinazimitsa n'kupita kukagona. Amene anapirira ulendo wachiwiri mphoto yawo ndi mawu ochepa a Chingelezi cholakwika, mpaka liwu loti congratulation analilemba "congraturation". Ena amati ndicho chikoka chake. Ine ndimati ndi mwano, ngati munthu amene wamaliza ganyu yopalira munda wonse, pomulipira n'kumuuza kuti unali munda wolakwika.

Palinso funso limene simunafunse koma wina walitchula m'munsimu, lakuti za manda ndi mizukwa n'zoyenera mwana kapena ayi. Kwathu kuno manda si malo osewererako. Mwana sapitako chisawawa, ndipo m'midzi yambiri ya kuno ku Kasungu ndi komwe kuli dambwe, ndiye m'pomveka kuti kholo lidabwe kuona mwana akudumpha ziliza pa TV. Amayi anga sanaikonde konse, makamaka atamva kuti muli mfiti imene imakusandutsa chule. Ilipodi, imatuluka ukamangomenya chiliza chimodzi kambirimbiri. Dzina la Satana limalembedwamonso, monga ndanenera. Koma kunena zoona zithunzi zake ndi tizidole ta madontho akuluakulu, mulibe magazi, ndipo ziwanda zonsezo ndi adani oti uwagonjetse, palibe pamene akukuuza kuti uzitumikire. Ife sitinalotepo zoopsa chifukwa cha gemuyi, zimene tinkaopa usiku zinali nthano za agogo. Inuyo ndi mayi ake a mwana mukudziwa mtima wake ndi za chikhulupiriro cha pakhomo panu, zimenezo muweruze nokha. Kwa ine choopsa chenicheni pa mwana wa zaka 9 si mizukwa, ndi ukali umene umabwera ukafa ka 40 pamalo amodzi uli wekha m'chipinda.

Ndiye musaichotse, koma musamusiyirenso yekha. Gemuyi imakoma pagulu. Khalani naye, muzipatsirana padi aliyense akafa, ndipo akuoneni inunso mukuvulidwa, aseke. Muuzeni kuti akuluakulu a dziko lonse amaitchula pakati pa magemu ovuta kwambiri a nthawi imeneyo, kuti asadziyese wopepera. Cholinga chikhale chaching'ono: sabata ino kupha chiwanda chofiira chija basi. Akapeza mpeni augwiritsitse, akaona muuni audumphe. Ngati kachipangizoko kali ndi njira yosungira malo, igwiritseni ntchito osachita manyazi, inu simukuponya makobidi m'makina a munthu.

Mufufuzenso pamndandanda wa magemuwo ngati muli Ghouls 'n Ghosts ya 1988 kapena Super Ghouls 'n Ghosts ya 1991. Ndi banja limodzi, Arthur yemweyo ndi kabudula wake, koma zojambula n'zokongola ndipo kayendedwe n'kosalala. Mu ya 1988 amatha kuponya chida m'mwamba, ndipo ya 1991 amadumpha kawiri asanatere. Zonsezo n'zovutabe, ndipo khalidwe lokubweza kuti uyambirenso sanalisiye. Ngati mwana akufuna za mizukwa zoti apumireko, muikireni Pac-Man, ija ya 1980 ya timizukwa tinayi tothamangitsana m'tinjira, kumene ukadya kadontho kakakulu iwe ndi amene umayamba kutithamangitsa. Akadzapha chiwanda chofiiracho mudzatiuze kuno kuti zamutengera masiku angati, ife tinatha pafupifupi holide yonse.